Thadzi Langa ndi Bokosi Lokomoka

Ndaziona sanandibwezerebe thadzi langa. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti wina asadzanene kuti ndinaiwala. Linali thadzi la mawanga, losasukusitsa dzira ngakhale limodzi, lojompha ndi galu yemwe akayandikira pachisa. Dzina lake linali lomwelo, Mawanga. Mwana wangayu amagwira ntchito yopanga timakina ku Lilongwe. Tsiku lina anafika kuno ku Mponela atasenza bokosi lamatabwa, nati, "Amayi, Mawanga apume. Bokosi ili ndapanga ndekha, lizikufungatirirani mazira." Ndinati chabwino, koma likalephera undibwezera thadzi. Anavomera. Mawanga tinamudya tsiku lomwelo.

Bokosilo ndi lokongola, sindikana. Mkati muli babu lotenthetsa, fani, thireyi ya mazira, ndi mota yopendeketsa thireyiyo uku ndi uku kuti mazira azitembenuka. Pambali pali kathabwa kobiriwira, ndipo pakathabwapo pali kanthu kakuda ngati nkhupakupa, kamiyendo yambirimbiri. Akuti ndiko kaubongo kolamula zonse. Palinso kagetsi kamene kamayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, kusonyeza kuti kaubongoko kali moyo.

Koma bokosilo limakomoka. Ndimangolipeza babu litazima, mazira akupola, kagetsi kakuthwanima mwamisala. Ndiligwedeze, ndilimenye mbama, ndiye lidzuke. Ndikamuimbira Ndaziona amabwera, ndipo iye akangofika bokosi limakhala ngati mwana wa abusa pamaso pa alendo. Amakhala pansi tsiku lonse ndi laputopu ndi timawaya take, kumalankhula yekha za galu amene anamuika mkatimo kuti aziluma kaubongo kakagona, za magetsi kuti amayenda ngati madzi. Ine ndimangomva ndikusenda mtedza. Pomaliza amati, "Amayi, sindingakonze chinthu chimene sichinafe ine ndikuona." N'kukwera minibasi.

Pali kankhani kena kakang'ono. Nankhoma, mnzanga wa kuseri kwa mpandaku, anandipatsa mazira a abakha kuti ndimufungatirire, ana tidzagawane, ine ndidzasankhe koyamba. Ndaziona anati dzira lililonse lizikhala m'kabowo kake, osasanjikiza. Koma timabowo tinali titadzaza, ndiye a abakhawo ndinawasanja pamwamba. Akamabwera ndimawachotsa n'kuwafunditsa bulangete m'dengu, chifukwa mwanayu amalongolola. Zimenezo si nkhani.

Tsiku lina mazira a nkhuku anali atatsala pang'ono kuswa, ndipo bokosi linakomoka m'mawa. Ndinamuuza Ndaziona pafoni kuti, "Likakomokanso ndili kumsika, anapiye afera m'zigoba. Bwera." Anati wanyamuka. Masana ndinayala mkeka pakhonde, ndikuti ndikamva minibasi ndidzuka ndichotse mazira a abakha.

Ndinalota nditatsegula bokosi, ndipo mkatimo munali msewu. Ndinavula masilipasi n'kulowa.

Dziko lake linali lobiriwira, losalala, lopanda fumbi ndi pang'ono pomwe. Ngalande zamkuwa zinali paliponse, zokhota mwamakona, ndipo m'menemo mumayenda madzi owala opanda phokoso. Dzuwa linali lagalasi, lokhala ndi kawaya pakati. Mazira anali mapiri, atakhala pa thandala lalikulu m'mwamba, ndipo pamwamba pa mapiriwo panasanjikizana mapiri ena aakulu, a abakha. Mkati mwa mapiri apansi mumamveka kugogoda, go, go, go, ngati alendo ambiri afika nthawi imodzi.

Pa mlatho woyamba anandichingamira Mawanga. Anali wamtali ngati ine. Khosi lake linali lolumikizidwa ndi waya wofiira, molongosoka ndithu.

"Takulandirani, amake Ndaziona," anatero. "Mwachedwa."

"Iwe, si tinakudya?"

"Munandidya. Mchere unachepa. Koma sitinakuitanireni zimenezo. Ana akuzizidwa."

Ndinamutsatira. Tinafika pabwalo pamene panakhala mayi wakuda bii, wamiyendo yambiri, mwendo uliwonse atauviika m'ngalande yakeyake. M'dzanja anali ndi nyali yobiriwira, kumaikweza n'kuitsitsa. Akaitsitsa amaponyera kanyenyeswa galu amene anagona pambali pake. Mawanga anati, "Awa ndi a Kaubongo. Musawapatse moni, alibe nthawi."

Zoonadi analibe nthawi. Ndinawakonda pomwepo. Amafunsa mwachidule, ngati munthu wodziwa msika.

"Kutentha?"

Bambo wina woonda, amene anaima atatulutsa lilime kuti azilawa mpweya, anayankha, "Kuli bwino."

"Mphepo?"

Mtsikana wamanja anayi amene amazungulira pamalo amodzi anati, "Ikuyenda."

Ndinatembenuka kuti ndimuuze Mawanga kuti mayi ameneyu akanatha kugulitsa tomato, ndipo kumbuyo kwanga kunamveka khu! A Kaubongo anali gada pansi. Nyali inagubuduka. Dzuwa linafiira, kenako linazima, ndipo kuzizira kunatsika ngati kwa mwezi wa June. Ndisanapume ngakhale mpweya umodzi anadzuka, natola nyali, nati, "Moni nonse. Lero ndi tsiku loyamba. Tiyambe ntchito." Anakweza mwendo umodzi wa kumanzere, n'kugwanso. Anadzuka. "Moni nonse. Lero ndi tsiku loyamba." Mwendo m'mwamba. Khu!

"Yatsani dzuwa kaye, mayi inu!" ndinakuwa. Sanandimve.

Ine kudikira sindidziwa. Ndinamanga chitenje n'kuyamba ntchito. Bambo wa lilime ndinamumenya mbama. Mtsikana wa mphepo ndinamukankha kuti azungulire msanga. Waya wina amene ndinamuona ngati wakhwepa ndinamuponda ndi chidendene. Kenako ndinagwira nthaka ndi manja awiri n'kuigwedeza ngati lichero. Thandala la mazira linalira kwii, linapendekeka, ndipo a Kaubongo anakhala tsonga. Dzuwa linayaka.

"Waona?" ndinamuuza Mawanga. "Mwana uja amakhala tsiku lonse. Ine kamphindi."

"Mwakonza chiyani?" anafunsa.

"Zonse."

"Chinadwala n'chiti?"

Ndinaloza bambo uja, kenako mtsikana, kenako waya.

"Mwagwira zinthu zinayi nthawi imodzi," anatero Mawanga. "Chimodzi chathandiza, kapena palibe. Simudziwa. Mawa mudzamenyanso bambo wosalakwa. Kuno timagwira chimodzi, n'kuona, kenako china."

Bambo wa lilime anali akusisita tsaya. Ndinamuuza kuti asandiyang'ane choncho, mbama siipha munthu. Tili pomwepo, khu! A Kaubongo pansi.

Ndinakumbukira zimene Ndaziona amanena, ndipo ndinamuloza galu. "Ndiwe! Ndiwe ukuwagwetsa mayiwa!"

Galu anadzuka, nakhala bwinobwino, miyendo yakutsogolo pamodzi. "Pepani, mayi," anatero. "Ine ndinalembedwa ntchito yoluma. Akasochera m'maganizo n'kuiwala kundiponyera chakudya, ndimawaluma kuti ayambirenso. Koma chiyambire sanandimanepo. Musanaweruze, yang'anani thupi lawo akangodzuka. Imfa iliyonse imasiya chizindikiro chake. Ikakhala yanga, mupeza mano pamwendo."

Ndinagwada n'kuyang'ana miyendo yonse, umodzi umodzi, a Kaubongo akupereka moni kwa anthu. Panalibe dzino. Ndinakweza maso. Milomo yawo inali yosweka, youma gwa, ngati dambo la mwezi wa October.

"Ludzu!" ndinakuwa. "Mayiwa akukomoka ndi ludzu!"

Mukudziwa m'mene zimakhalira ukakhala ukusaka chinthu, ndiye waona mchira wake. Ndinathamanga kutsata ngalande kukwera kumtunda, Mawanga akubwera pambuyo mosapupuluma. Kumtundako kunali phiri lakuda lamakona anayi, lokhala ndi nyanga ziwiri, ina yofiira ina yakuda. Madzi amatumphuka pa nyanga yofiirayo, ambiri, mbwee.

"Ine ndine Batire," linatero phirilo. "Ndine wodzaza. Aliyense amabwera kudzayeza ine, n'kubwerera wokhutira."

"Ndiye madzi ndi awa," ndinamuuza Mawanga. "Ludzu lichokera kuti?"

"Wakomokayo ali kuno?"

"Ali uko."

"Kayezeni pamene akumwera."

Tinatsikanso. Ndinalowa m'ngalande, pafupi penipeni ndi mwendo umene a Kaubongo amamwera. Madziwo sananyowetse. Amayenda m'thupi ngati nyerere, ndipo tsitsi langa linaima lonse duku n'kuuluka. Anandifika m'chiuno. A Kaubongo anali atadzuka ndipo amagwira ntchito bwinobwino. Kutentha? Kuli bwino. Mphepo? Ikuyenda. Galu amadya. Ine chiimire.

"Ndiime mpaka liti?"

"Mpaka chichitike."

"Ndili ndi ntchito kunyumba, ine."

"Musaphethire," anatero Mawanga. "Chimachitika msanga kuposa chikope."

Ndinagwira zikope ndi zala. Ndipo ndinaona. A Kaubongo anakweza mwendo uja wa kumanzere. Kumwendoko kunali chingwe. Chingwe chinakungika, ndipo pansi pa thandala la mazira panadzuka ng'ombe yachitsulo, yozungulira ngati mgolo, goli lili pakhosi. Inakoka thandala. Thandala silinasunthe. Ndiye inaviika mlomo m'ngalande, ngalande yomweyo imene ndinaimamo ine, n'kukoka madzi kamodzi. Madzi anachoka m'chiuno kufika m'mapazi. Mawondo anga anaona kunja. A Kaubongo anayamwa mpweya, khu! Ndipo asanafike pansi madzi anali atabwerera kale m'chiuno, phee, ngati sanachokepo.

Ndinalumpha m'ngalandemo ngati kamtsikana. "Ndamugwira! Mawanga, ndamugwira! Ndi ng'ombe! Mwendo uja ndi woitanira ng'ombe! Akadzuka amayamba ndi kuitana yomwe yawagwetsayo!" Ndinaimba nthungululu. Bambo wa lilime anaomba m'manja, ngakhale ndinali nditamumenya. Galu anagwedeza mchira kamodzi, mwaulemu.

Ndinapita kwa ng'ombe ndi manja m'chiuno. "Iwe wadyera iwe. Mtsinje wonse wekha?"

Ng'ombe inandiyang'ana. Inali thukuta lokhalokha la girizi. "Ndimamwa molingana ndi katundu, mayi," inatero. "Pamene ndinkayamba ntchito kuno sindinkamwa chonchi."

"Ulesi basi."

Inangoyang'ana kumwamba.

Kumwamba kunatseguka ngati chivundikiro. Kunatsika manja awiri aakulu, opanda mwini, ndipo anayamba kunyamula mapiri a abakha, limodzi limodzi, mofulumira ngati munthu wozolowera.

"Wakuba!" ndinakuwa. "Gwirani wakuba! Mazira a Nankhoma amenewo!"

Palibe anasuntha. Dzanja lamanja litatsikanso ndinaona chibangili chamkuwa, ndi chipsera cha chikwakwa pa chala chachikulu. Chipsera chimenecho ndimachidziwa. Ndinayang'ana manja anga ndipo ndinapeza ndilibe. Mikono inathera m'zigongono, bwinobwino, popanda magazi. Manja anga anali kumwamba, pantchito.

Atatha kuchotsa onse, kunatulukira diso. Linali lalikulu kuposa dzuwa lagalasi lija, lofiira m'mbali chifukwa chotopa. Linali diso la Ndaziona. Ndinalidziwa, ndinalibereka ndine. Pambali pake panatsika mitengo iwiri yosongoka, wofiira ndi wakuda, n'kuima m'ngalande.

Abale, mukanaona ulemu umene unagwa m'dzikomo! A Kaubongo anakweza mwendo. Ng'ombe inadzuka, inapsontha timadzi pang'ono ngati mlendo wopatsidwa tiyi kwa apongozi, n'kupendeketsa thandala ndi phewa limodzi. Madzi sanatsike ngakhale chala. Anakwezanso mwendo. Chimodzimodzi. Diso linadikira, linadikira.

"Ndazi!" ndinakuwa. "Akunamiza awa! Si m'mene amakhalira! Ndazi, yang'ana kuno!"

Diso silinandione. Linaphethira kamodzi, ndipo mphepo yake inandigwetsa pansi. Kenako linachoka, ndi mitengo yake. Manja anabwera, nabwezera mapiri a abakha pamalo pake, natseka kumwamba. Mwendo m'mwamba. Khu! Mdima.

"Mwaona?" anafunsa Mawanga.

"Ndaona ng'ombe yadyera."

"Ng'ombe yokha?"

"Usandifunse ngati wapolisi. Ndiwe ndiwo iwe."

"Ndine ndiwo," anavomera. "Koma kuganiza si kudziwa. Ngati mwachigwiradi, chipheni dala. Mukatha kuchipha pamene mwafuna ndi kuchidzutsa pamene mwafuna, ndiye kuti ndi chomwecho."

Ndinayang'ana kumwamba n'kuitana manja anga. "Inu! Chotsani a abakha!" Anatsika, nachotsa. Mwendo m'mwamba, ng'ombe inapsontha, thandala linapendekeka, a Kaubongo ali tsonga. "Bwezani!" Anabweza. Mwendo m'mwamba, khu! "Chotsani!" Moyo. "Bwezani!" Khu!

Chikwatiwireni sindinasangalalepo chonchi. Chinthu chimene chinkandidzidzimutsa, chobwera pamene chafuna ngati mlamu wopempha, tsopano chinkabwera ine ndikachiitana. Ndinavina pabwalopo wopanda manja, zigongono zili m'mwamba. "Chotsani! Bwezani! Chotsani! Bwezani!" Dzuwa kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima. A Kaubongo anapereka moni mpaka mawu anasasa.

"Basi," anatero Mawanga. "Ana si zidole. Tamverani."

Ndinaima. Kugogoda kuja kwa m'mapiri kunali kutachepa. Kunatsala go, kenako chete wautali, kenako go.

Pomwepo kumwamba kunalira hutala ya minibasi, ndipo mawu a kondakitala anadzaza dziko lonse: "Mponela! Wotsika Mponela!" Manja anga sanadikire kuti ndiwatume. Anatsegula kumwamba okha n'kuyamba kutsika, zala zili tambalala, kulunjika pa mapiri a abakha.

"Imani!" ndinatero.

Anaima pang'ono. Dzanja lamanja ndilo linalankhula, ndi mawu anga omwe. "Mwana wafika. Timachotsa akafika. Ndi m'mene timachitira."

"Lero asiyeni."

"Akawaona akalipa," linatero lamanzere. "Anena kuti ndinakuuzani. Simukonda kuuzidwa kuti ndinakuuzani."

Zimenezo zinali zoona. Ndinatembenukira kwa Mawanga. "Tamvera, tikambirane ngati anthu. Tichotse theka, tisiye theka. Akalipe theka."

"Ndi theka ng'ombe ikoka," anatero. "Sichifa iye akuona. Akwera minibasi. Inu mupita kumsika."

"Ndiye ndiwachotse onse mpaka kalekale, nkhani ithe."

"Mungathe?"

Ndinaganiza za ana a abakha, ine ndikusankha koyamba.

"Ndipo ngakhale mutatha," anatero Mawanga, "tsiku lina thandala lidzachita dzimbiri, ng'ombe idzamwanso chimodzimodzi. Ngalande ndi imodzi. Woikumba ayenera kuona."

"Chabwino. Ndimuuza pakamwa, mazira atachotsedwa. Kapena ndinena kuti anawaika ndi Nankhoma."

"Mtengo ndi umodzi, amake Ndaziona. Aone monga zimakhalira iye kulibe."

"Ine chibadwire sindinagulepo chinthu pa mtengo woyamba!"

"Ndikudziwa. Ine munandigula kwa munthu amene anatsala akulira."

Manja anali atayambanso kutsika. Chala chachikulu chija cha chipsera chinakhudza phiri loyamba la bakha. Ndipo m'phiri lina lapansi, pafupi ndi khutu langa, munatuluka mawu aang'ono, aulemu kwambiri: "Odi kunjako. Ngati n'kotheka, tikupempha kutentha."

Ndinalibe manja okwerera, koma ndinakwera. Ndinaponda pamsana pa ng'ombe, ndinaponda pa goli, ndinalumphira pa thandala, ndinathamanga pamwamba pa mazira akuterereka pansi pa mapazi anga. Chala chija chinali chachikulu ngati mtondo. Ndinatsegula pakamwa n'kuchiluma pachipsera penipeni, ndi mano onse amene ndatsala nawo.

Ndinadzuka ndili chiimire m'nyumba, patsogolo pa bokosi. Chivundikiro chinali chotsegula. Chala chachikulu chinali m'kamwa mwanga, chikupweteka, ndipo m'dzanja lamanzere munali dzira la bakha, lofunda.

"Odi kuno!" Anali Ndaziona, pakhonde.

Ndinabwezera dziralo pamwamba pa anzake n'kutseka.

Analowa ndi chikwama chake kumsana, fumbi la m'minibasi lili m'nsidze. Anasuzumira pagalasi la bokosi, ndipo anaima. "Amayi. Awa ndi chiyani?"

"Mazira. Sunaonepo mazira?"

"A abakha? Osanjikiza? Alowa liti amenewa?"

"Kalekale."

"Koma ine ndikamabwera..." Anandiyang'ana, anayang'ana dengu ndi bulangete pakona, anandiyang'ananso. "Amayi!"

"Usayang'ane ine. Yang'ana bokosi lako."

Anatsegula pakamwa kuti ayambe zija za ndinakuuzani, koma anatsekanso. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anagwetsa chikwama, natulutsa kachipangizo kake kokhala ndi galasi lojambula mzere, nalumikiza timawaya tiwiri pakathabwa kobiriwira, pafupi ndi kaubongo. Mzere unagona pagalasipo, wowongoka. Anadina pa laputopu kuti mota itembenuze mazira.

Mota inangoti ng'. Mzere unagwa ngati munthu woponda m'dzenje, n'kubwereranso. Kagetsi kanazima. Babu linazima.

"Lafa!" anakuwa. "Amayi, lafa! Lafa ine ndikuona!" Analumpha mpaka kugunda mutu ku denga la pakhomo, osamva n'kupweteka komwe. Anandigwira m'mapewa n'kundizunguza. Munthu wamkulu, wa ku yunivesite, kuvinira maliro a bokosi. Nanenso ndinavina, ndisaname. Nankhoma anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabwera chikwati.

Kenako anakhala pansi n'kuchita yekha zomwe zija. Anachotsa a abakha, nadina: moyo. Anabweza, nadina: lafa. Anandiyang'ana maso akuwala. "Mota ikalemedwa ikukoka magetsi onse, kaubongo n'kukomoka. Ndinaziika pa waya mmodzi, ndine. Ndiponso ndinakalamula kuti kakadzuka kaziyamba ndi kutembenuza, m'malo moyatsa babu. N'chifukwa chake limazizira. Mwayi wake mumalimenya mbama, thireyi n'kusuntha."

"Ndiye mbama zanga zimathandiza."

"Musazolowere."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, mabotolo a madzi otentha ali m'bokosi kuti mazira asapole. Mota anaipatsa waya wakewake wochokera ku batire. Pafupi ndi kaubongo anawotchererapo kanthu konga kamgolo kakang'ono, akuti kosungira magetsi pang'ono kuti kazimwa pamene mzere watsika. Analembanso malamulo ake pa laputopu: kakadzuka kaziyatsa babu kaye, ndipo kasamaiwale tsiku limene kafika. Chilichonse akasintha amayesa, asanagwire china. Ndinafuna kumuuza kuti afulumire, koma ndinakumbukira tsaya la bambo uja. Pomaliza anabwezera a abakha onse pamwamba, nadina. Mota inabuula, thireyi inapendekeka. Kagetsi kanapitiriza kuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima.

"A nkhukuwa asatembenuzidwenso, atsala pang'ono," anatero, akuimitsa mota. "A abakha muziwatembenuza ndi manja, poti manjawo amadziwa kale njira."

Sindinaseke. Ndinadikira kuti asambe m'manja, ndiye ndinati, "Tsono thadzi langa?"

"Thadzi liti?"

"Tinapangana. Likalephera undibwezera thadzi. Linalephera. Wanena wekha kuti waya anali mmodzi."

"Amayi, inu munabisa mazira m'bulangete ine ndikuwononga thiransipoti! Ndiponso ntchafu zonse ziwiri za Mawanga munadya ndinu. Sindikubwezerani."

"Ubweza."

"Sindibweza."

Tili mkati mokangana, m'bokosi munamveka go, go. Tonse tinathamangira pagalasi, mitu n'kugundana. Dzira lina lapansi linali litang'aluka, ndipo pamng'alupo panatuluka kamlomo. Kanati psii.

Ndaziona anandikodola ndi chigongono. "Ilo thadzi lanu. Ndabweza."

Ndinaika khutu pagalasi n'kumvetsera bwinobwino. Kanatinso psii.

"Ameneyo ndi tambala," ndinatero. "Ndamumva mawu. Thadzi langa ndikulifunabe."